Khadi la m'mbali mwa laputopu likakana kugwira ntchito: tiyambire pati?

Malaputopu ambiri amene tikugwiritsa ntchito pasukulu pano, ngakhalenso amene makolo ena agulira ana awo kunyumba, ndi akale ndithu. Ena ndi a pa kaunjika, ena tinachita kupatsidwa ndi anthu akufuna kwabwino. Ambiri mwa amenewa ali ndi bowo lopyapyala m'mbali, lotsekedwa ndi kachitseko kapena kapulasitiki, ndipo m'bowomo mumalowa khadi lowonjezera zimene laputopuyo inabadwa yopanda: malo olumikizira USB yothamanga, waya wa intaneti, kapena chowerengera makhadi a kamera.

Dandaulo limene timalimva kawirikawiri ndi lakuti: "Ndalowetsa khadi koma palibe chachitika." Lina ndi lakuti khadi limagwira lero, mawa n'kukana. Izi zimatayitsa zinthu zitatu. Khadi labwinobwino limatayidwa poganiza kuti lafa. Laputopu yopanda vuto imapita kwa wokonza, ndalama n'kupita. Ndipo chopweteka kwambiri, ntchito imene wophunzira wakhala akulemba teremu yonse imawonongeka pa fulashi chifukwa khadi lachoka mwadzidzidzi. Tikufuna tonse tidziwe mmene khadili limagwirira ntchito, kuti likavuta tizidziwa poyambira.

Choyamba, dziwani khadi lanu

Makhadi amenewa alipo a mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo salowerana. Lakale kwambiri ndi PC Card, limene ena amalitcha PCMCIA potengera dzina la bungwe limene linalikhazikitsa mu 1990. Ndi lalikulu ngati khadi la kubanki, mamilimita 54 m'lifupi ndi 85.6 m'litali, ndipo kumapeto kwake kuli timabowo 68 tolowera timapini. Mu 1995 kunabwera mtundu wake wothamanga wotchedwa CardBus, umene mumaudziwa ndi kachitsulo kooneka ngati golide pafupi ndi timabowo tija.

Latsopano ndi ExpressCard, limene linalengezedwa mu 2003. Ili ndi lalifupi, mamilimita 75, ndipo lili ndi timapini 26 tokha. Limabwera m'masayizi awiri: ExpressCard/34 ndi ExpressCard/54, manambalawo akutanthauza mamilimita a m'lifupi. La 54 silili la makona anayi bwinobwino. Lili ndi mbali yodulidwa, chifukwa polumikizira pake n'pofanana ndi pa la 34. Chifukwa cha ichi, khadi la 34 limalowa m'bowo la 54, koma la 54 silingalowe m'bowo la 34. Mwachitsanzo, ThinkPad T420 ya 2011 ili ndi bowo la 34, pamene X220 ya chaka chomwecho ili ndi la 54.

Onani kuti PC Card ndi ExpressCard/54 n'zofanana m'lifupi. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka n'kuyamba kukakamiza. Khadi likakana kulowa mofewa, lekani. Timapini ta m'kati tikapindika, bowolo latha ntchito, ndipo nthawi zina laputopu yonse imakana kuyaka.

Chimachitika n'chiyani khadi likalowa?

Kulowetsa kapena kuchotsa chipangizo kompyuta ili chiyakire akatswiri amakutcha hot-plug. ExpressCard inapangidwa kuti izilola zimenezi. Koma kuti zitheke, pali zinthu zinayi zoyenera kuchitika motsatana, monga mmene zimakhalira mlendo akafika pakhomo.

Mlendo amayamba ndi odi. Pa khadi pali timapini tiwiri timene ntchito yake ndi yomweyo: kudziwitsa laputopu kuti kwabwera wina, ndiponso njira imene wadzera. Kenako eni nyumba amatsegula: laputopu imatumiza magetsi m'bowo lija, limene limakhala lozima ngati mulibe khadi. Chachitatu, mlendo amapatsidwa pokhala: Windows kapena Linux imapatula malo m'kaundula wake wa zipangizo oti khadilo lizilandirira ndi kutumizira mauthenga. Chomaliza, mlendo wachilankhulo china amafunika womasulira. Womasulirayo ndiye draiva, kapulogalamu kamene kamadziwa chilankhulo cha kachipangizo ka m'kati mwa khadilo. Vuto lililonse limene tikambe m'munsimu lagona pa chimodzi mwa zinayizi: odi sanamveke, magetsi akuchepa, pokhala palibe, kapena womasulira palibe.

Pali chinanso chofunika kudziwa. M'bowo la ExpressCard muli njira ziwiri zolowera m'kompyuta: ya USB ndi ya PCI Express. Makhadi odzera njira ya USB, monga mamodemu ambiri a 3G, savutavuta, chifukwa kompyuta imawaona ngati fulashi wamba. Amene amavuta ndi odzera PCI Express: a waya wa intaneti, a eSATA, a FireWire, ndi a USB 3.0. Inde, khadi lopereka malo a USB 3.0 silidzera njira ya USB. Limadzera PCI Express. Njira imeneyi inazolowera zipangizo zomangiriridwa m'kati, zimene kompyuta imaziwerenga kamodzi poyaka. Kuti ilandire mlendo wofika masana, payenera kukhala mgwirizano pakati pa BIOS, pulogalamu yaing'ono imene imayamba kudzuka mukayatsa kompyuta, ndi Windows kapena Linux, wakuti amene azimvera odi ndani. Pa malaputopu ena akale mgwirizanowu sumveka bwino: uyu amayesa kuti mnzake ndiye ali pakhomo, mnzakeyo chimodzimodzi, mlendo n'kungoima panja.

Kuyesa kumodzi kumene kumagawa nkhani pawiri

Musanakhudze china chilichonse, chitani izi. Zimitsani laputopu kotheratu, lowetsani khadi, ndipo yatsaninso. Ngati mukugwiritsa ntchito Windows 8, 10 kapena 11, dziwani kuti Shut down wamba sazimitsa kotheratu. Windows imasunga mbali ya zimene inali nazo kuti idzayake msanga. Choncho gwirani batani la Shift pamene mukudina Shut down, kapena siyani khadi m'kati n'kusankha Restart.

Khadi likagwira ntchito mukatero, mwadziwa zinthu zitatu nthawi imodzi: khadi ndi lamoyo, bowo ndi labwino, draiva alipo. Chatsala ndi nkhani ya odi yokha. Ngati likanabe, ndiye kuti vuto lili pa khadi, pa bowo, pa BIOS kapena pa draiva. Yesani khadi lomwelo pa laputopu ina. Likakana paliponse, khadilo ndiye lafa. Likagwira kwina, yang'anani laputopu yanu.

Zoona ndi maso

Unikani m'bowomo ndi tochi ya foni laputopu ili chizimire. M'miyezi ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, bowo losatsekedwa limadzaza fumbi, ndipo nthawi zina mumapezeka tizilombo kapena kachidutswa ka pepala. Pemererani ndi kapampu ka mpweya. Musalowetsemo waya, singano kapena chitsulo cha kampasi ya masamu.

Malaputopu ambiri ali ndi sipuling'i imene imagwira khadi mukalikankha kamodzi, n'kulitulutsa mukalikankhanso. Apa pali msampha. Pamene mukulowetsa fulashi m'khadi, mumalikankha osadziwa, ndipo sipuling'i imalitaya. Pozula fulashi, khadi limatha kubwera nayo limodzi. Chizolowezi chabwino n'kugwira khadi ndi dzanja limodzi, lina likulowetsa kapena kuzula. Khadi la 34 lokhala m'bowo la 54 limagwederanso chifukwa mbali imodzi ili pululu. Pali kapulasitiki kodzazira mpatawo, ndipo ngati mulibe, musamanyamule laputopu khadi lili m'kati.

Kenako lowani mu BIOS. Poyatsa, dinani F1 pa ThinkPad, F2 pa Dell, kapena F10 pa HP. Malaputopu ochokera m'maofesi a kunja nthawi zina amabwera bowo la khadi litatsekedwa dala, pofuna kuti antchito asamakopere zinsinsi za kampani. Pa ThinkPad yang'anani pa Security, kenako I/O Port Access, muone ngati ExpressCard Slot ili pa Enabled. Sinthani chokhacho, sungani, tulukani. Ophunzira asalowe mu BIOS ya makompyuta a sukulu popanda aphunzitsi.

Pa Windows

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani devmgmt.msc, dinani Enter. Patseguka Device Manager, mndandanda wa zipangizo zonse zimene Windows ikuzidziwa. Lowetsani khadi mukuyang'ana. Mndandandawo ukaphethira, odi wamveka. Ukapanda kusuntha, pitani pa Action n'kusankha Scan for hardware changes. Uku n'kuuza Windows kuti ituluke ikaone yokha ngati pakhomo pali munthu. Pa malaputopu ambiri akale, mankhwala ake ndi omwewa, ndipo muzichita zimenezi nthawi iliyonse mukalowetsa khadi kompyuta ili chiyakire.

Khadi likaoneka koma lili ndi kachizindikiro kachikasu, dinani kawiri muwerenge nambala imene yalembedwa. Code 28 ikutanthauza kuti draiva sanaikidwe. Code 10 ikutanthauza kuti chipangizo chalephera kuyamba, kawirikawiri chifukwa draiva ndi wolakwika kapena khadi silinalowe bwino. Code 12 ikutanthauza kuti malo okhala asowa. Apa Restart khadi lili m'kati imathandiza, chifukwa malo amagawidwa mwatsopano poyaka. Code 43 ikutanthauza kuti Windows yaimitsa chipangizocho chitanena chokha kuti chili ndi vuto. Yesani draiva wina, ndipo zikapitirira kayikirani khadilo.

Kupeza draiva woyenera n'kumene kumavuta, chifukwa makhadi ambiri otsika mtengo alibe dzina, kapena dzina la pachikuto silithandiza. Chofunika ndi kachipangizo ka m'kati. Pa zenera lomwelo pitani pa Details, sankhani Hardware Ids. Muona mzere wonga uwu: PCI\VEN_1912&DEV_0015. Manambala anayi otsatira VEN akunena kampani imene inapanga kachipangizoko, otsatira DEV akunena mtundu wake. M'chitsanzochi 1912 ndi Renesas, ndipo 0015 ndi kachipangizo kake ka USB 3.0 kotchedwa uPD720202, kamene kamapezeka m'makhadi ambiri. Mukaona VEN_1033&DEV_0194, ndi kachipangizo kakale ka NEC, uPD720200. Lembani manambalawo papepala; ndiwo dzina lenileni la khadi lanu, ndipo ndi amene mufufuzire draiva.

Kumbukirani kuti Windows 7 inatuluka mu 2009 yopanda draiva wa USB 3.0, choncho pamenepo muyenera kuika nokha. Kuyambira Windows 8 ya 2012, draivayu amabwera kale m'kati, ndipo nthawi zambiri kuika wakale wa pa CD pamwamba pake n'kumene kumabweretsa mavuto. Onaninso ngati Windows yanu ndi ya 32-bit kapena 64-bit, chifukwa draiva wa uku sagwira uko. Tengani draiva kudzera pa Windows Update kapena kwa kampani yopanga laputopu kapena khadi. Pewani mapulogalamu olonjeza kukonza madraiva onse ndi kudina kumodzi. Ambiri amadya bandulo, amadzaza kompyuta ndi zotsatsa malonda, ena amabwera ndi mavairasi.

Pa Linux

Makompyuta amene ali ndi Ubuntu kapena Linux Mint savutitsa pa nkhani ya draiva, chifukwa madraiva a makhadi otchuka ali kale m'kati. Chimene chimavuta ndi odi uja. Tsegulani Terminal, lembani lspci musanalowetse khadi, lembaninso mutalowetsa, muone ngati pabwera mzere watsopano. Ngati khadi ndi lodzera njira ya USB, gwiritsani ntchito lsusb. Kuti muone zimene zikuchitika nthawi yomweyo, lembani sudo dmesg -w kenako lowetsani khadi. Pakalembedwa mizere yokhala ndi mawu akuti pciehp kapena acpiphp, ndiye kuti alonda a pakhomo amva. Amenewa ndi madraiva awiri a Linux omvera odi, woyamba payekha, wachiwiri kudzera mwa BIOS.

Pakakhala zii, uzani Linux iyang'anenso polemba izi:

echo 1 | sudo tee /sys/bus/pci/rescan

Uku n'kufanana ndi Scan for hardware changes ya pa Windows. Ngati zimenezi zikuthandiza koma mwatopa kuzilemba tsiku ndi tsiku, pali mawu akuti pcie_ports=native amene amawonjezeredwa m'fayilo ya GRUB, ndipo amauza Linux kuti itenge yokha udindo wa pakhomo osadikira BIOS. Pa malaputopu ena zimathetsa vuto, pa ena ayi. Ntchito imeneyi isiyireni aphunzitsi a kompyuta, popeza kulakwitsa chilembo chimodzi m'fayiloyo kumatha kulepheretsa kompyuta kuyaka.

Khadi likamagwira n'kumasiya

Mukalumikiza fulashi zonse zili bwino, koma mukalumikiza hadi disiki yakunja imangolira tiki tiki, kapena imasowa pakati pa kukopera. Apa draiva alibe mlandu. Ndi njala ya magetsi. Bowo la ExpressCard limapereka mavoti 3.3 ndi 1.5, pamene USB imafuna mavoti 5, ndipo malo amodzi a USB 3.0 amayenera kupereka mpaka mamiliampu 900. Khadi limayesetsa kukweza 3.3 kufika pa 5, koma mphamvu yake ndi yochepa, makamaka mukalumikiza zinthu ziwiri. N'chifukwa chake makhadi ambiri ali ndi kabowo kozungulira pakati kapena pambali, ndipo amabwera ndi kawaya kotengera magetsi owonjezera ku USB ina ya laputopu yomweyo. Musataye kawayako.

Magetsi akazima laputopu n'kuyamba kuyendera batire, Windows imayamba kusunga mphamvu, ndipo njira imodzi ndiyo kugoneka PCI Express ikakhala chete. Makhadi ena akagona sadzuka. Pitani pa Control Panel, Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings, PCI Express, Link State Power Management, muike Off pa batire ndi pa chaja pomwe. Batire lizitha msangako pang'ono, koma ntchito siiduka. Chimodzimodzi mukatseka chivundikiro laputopu n'kugona: ikadzuka khadi litasowa, litulutseni, werengani mpaka khumi, lowetsaninso.

Mlendo sachoka osatsanzika

Apa m'pamene mafayilo amafera. Mukasunga ntchito, kompyuta siilemba zonse pa fulashi nthawi yomweyo. Zina imazisunga kaye m'mutu, n'kumazilemba pang'onopang'ono. Mukazula khadi pamene fulashi ili pa khadipo, mwadula mkono ukulemba. Chimatayika si fayilo yokhayo ayi. Nthawi zina kaundula wa fulashi yonse amasokonezeka.

Dongosolo lake ndi ili: tsekani mafayilo, tsanzikani fulashi kapena disiki podina Eject kapena Safely Remove Hardware, zulani fulashiyo mutagwira khadi, kenako tsanzikaninso khadilo ngati likuoneka pamndandanda womwewo, ndiye mulitulutse. Ngati khadi silikuoneka pamndandandawo, kapena ngati laputopu yanu inaumapo kapena kuonetsa sikirini yabuluu pochotsa khadi, ingozimitsani kaye. Kuthamanga sikufika.

Fulashi ikawonongeka, Windows imafunsa ngati mukufuna kuichita format. Yankhani ayi. Mafayilo nthawi zambiri amakhala akadalimo, ndipo angathe kupulumutsidwa ngati simunalembemo china. Ibweretseni kwa aphunzitsi momwemo. Ophunzira a Fomu 4 amene akukonzekera Computer Studies pa mayeso a MSCE, sungani ntchito yanu pawiri: pa kompyuta ndi pa fulashi. Chili pamodzi chokha chili m'njira yotayika.

Kwa makolo ndi a komiti

Funso lanu ndi lakuti: kodi n'koyenera kugula makhadiwa, kapena ndalamazo zidikire laputopu ina? Tiyeni tiwerengere. USB 2.0 imalembedwa kuti imathamanga mamegabiti 480 pa sekondi, koma pokopera mafayilo imafika pafupifupi mamegabaiti 35 pa sekondi. Pa liwiro limeneli, magigabaiti 8 a mavidiyo a maphunziro amatenga pafupifupi mphindi zinayi. Hadi disiki yakunja yodzera khadi la USB 3.0 ikamayenda mamegabaiti 100 pa sekondi, ntchito yomweyo imatha pa mphindi imodzi ndi masekondi 20. Kwa mphunzitsi wokopera zinthu pa makompyuta ambiri, kusiyanaku n'kwakukulu. Koma kwa mwana amene ali ndi fulashi yotsika mtengo yosungira zolemba zokha, khadi silisintha kanthu, chifukwa fulashiyo payokha ndi yoyenda pang'onopang'ono. Pamene khadi limapulumutsadi ndalama ndi pa laputopu imene malo ake a USB kapena a waya wa intaneti anathyoka. Khadi limodzi limaibwezera moyo.

Mukaganiza zogula, yezani bowo kaye kapena tengani laputopu kusitolo. Funsani kachipangizo ka m'kati, ndipo onani ngati kawaya ka magetsi kalimo. Pogulira sukulu, tigule limodzi, tiliyese sabata yathunthu pa mtundu uliwonse wa laputopu umene tili nawo, kenako tigule ena. Wokonza akanena kuti BIOS ikufunika yatsopano, akhoza kukhala akunena zoona, chifukwa opanga malaputopu amakonza zolakwika za mgwirizano uja m'ma BIOS otuluka pambuyo. Koma ntchitoyo ichitike batire lili lodzaza ndipo chaja ili pamoto, chifukwa ikadukira pakati laputopu imatha kufa osadzukanso.

Tidziwenso kuti makhadiwa akupita kumapeto. Malaputopu atsopano alibe bowoli. Malo ake anatengedwa ndi USB-C ndi Thunderbolt. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, choncho madraiva atsopano a makhadi akale sitingawayembekezere. Draiva amene wagwira ntchito tizimusunga pa disiki ya sukulu, dzina la laputopu ndi manambala a VEN ndi DEV zitalembedwa. Komabe nzeru yake siikalamba: Thunderbolt nayo imanyamula PCI Express, ndipo ikavuta mafunso ndi omwe aja anayi.

Zoyenera kutsata m'chipinda cha makompyuta

Makhadi azisungidwa ndi aphunzitsi, ndipo wobwereka azilemba dzina m'kope. Khadi lilowe laputopu isanayatsidwe, pokhapokha aphunzitsi atanena kuti laputopuyo imalola. Khadi likatuluka, kapulasitiki kotsekera bowo kabwerere pamalo pake. Likavuta, lembani m'kopemo nambala ya laputopu, zimene munachita, ndi Code imene yaoneka. Mawu akuti "sikugwira" okha sathandiza wokonza. Makolo amene muli ndi laputopu yovuta motere kunyumba, mupatseni mwana abwere nayo pamodzi ndi khadi, chaja ndi kawaya kake, tidzaione limodzi musanapite nayo kolipira.